Ndinapita Kukafuna Chotenthetsera Mphasa

Ndinachoka kwathu mwezi wa chisanu, nthawi imene nkhungu imagona pakhomo mpaka dzuwa kufika pamutu, mbuzi n'kumakana kutuluka m'khola. Chaka chake sindikuchikumbukira. Chimene ndikukumbukira n'chakuti mwana wathu Sekanawo anali ndi miyezi inayi, ndiponso kuti mkazi wanga, a Nangozo, anandilankhula akupeta mphale, osandiyang'ana.

"Bambo a Sekanawo, mphasa yazizira. Miyezi yakwana, mwanayu timutenthetse."

Kwathu khanda limabadwa lozizira. Sindikunena za khungu lake ayi. Anthu amene akukhalira malo amodzi timati ndi otentha, pamene ana ndi nkhalamba zimene zinaleka za kumphasa timati ndi ozizira. Wotentha sanyamula khanda, angalidule, ndipo limatupa miyendo, kutsokomola, n'kupita. N'chifukwa chake bambo ndi mayi amadika, aliyense pogona pake, mpaka tsiku limene amabwerera pamphasa imodzi n'kumutenthetsa mwanayo. Kuyambira pamenepo aliyense angamunyamule. Koma mwamuna amene wayenda kumbali pa nthawi yodikayo, akafika pamphasapo asanaulule, amapha mwana wake yemwe.

Ine ndinali nditayenda kumbali. Kamodzi kokha, tsiku la msika, chiperoni chitandipeza ndi matumba a mbatata, m'nyumba ya mayi wina wophika mowa dzina lake Enelesi. Ndikuti kamodzi kokha ngati kuti njoka imafunika kuluma kawiri.

Ndinamva bwino lomwe zimene a Nangozo ankatanthauza. Ndine chitsiru, koma osati cha mtundu umenewo. Kungoti mawu awo aja anali ndi khomo lina lotulukira, ndipo ine ndinaliona.

"Ngati mphasa yazizira, ndipita ndikafune chotenthetsera," ndinatero.

Lichero linaima. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anapitiriza kupeta. M'mawa mwake ndinanyamuka ndi thumba lopanda kanthu, ndikudziuza kuti ndibwerako Loweruka, mtima ukalimba.

Mudzi woyamba unali paphiri, pamiyala pokhapokha, nyumba zake zazifupi zolowa chowerama. Kumeneko kunali mayi wina amene ntchito yake inali kuwotcha miyala. Dzuwa likapendeka anthu ankabwera ndi nsanza ndi ziguduli, aliyense n'kutenga mwala wake wotentha, kuukulunga, n'kukauika kumiyendo kwa mphasa.

"Mukufuna kufunditsa ndani, achimwene?" anandifunsa.

"Khanda langa. Lili ndi miyezi inayi."

"Ndiye muphunzire msanga."

Sindinaphunzire msanga. Ndinakhala pamenepo mpaka chimanga chinadzalidwa n'kukololedwa kawiri. Mayiyo anandiphunzitsa kuti mwala wakuda wosalala umasunga moto mpaka tambala woyamba, pamene woyera umapsa msanga n'kukusiya pakati pa tulo. Anandiphunzitsa kuulavulira mwala ndisanaupereke. Malovu akati tsii n'kuuma, mwalawo uli bwino, koma akavina pamwamba pake ndiye kuti uwotcha mphasa ndi mwini wake yemwe. Choletsa chinali chimodzi chokha.

"Musadzatole wa mumtsinje. Kunja umaoneka wouma, koma uli ndi madzi m'mimba."

Tsiku lina ndinatopa ndi kukwera phiri. Mtsinje unali pafupi, ndipo ndinapezamo mwala wokongola, wobulungira ngati dzungu laling'ono. Ndinauyanika padzuwa masiku atatu n'kuusakaniza ndi inzake. Unaphulika anthu atazungulira moto, ndi phokoso longa la mfuti, ndipo kachidutswa kake kanalowa m'diso la mayi uja. Sanalire. Anakhala pansi atagwira kumaso, magazi akudutsa pakati pa zala zake mpaka kuchigongono.

"Achimwene, munautenga kumtsinje."

"Ayi, mayi, ndi wa pamtunda."

Ndinadzimva ndekha ndikunena zimenezo. Pakamwa panga panayankha ine ndisanaganize n'komwe. Anthu atamunyamula kupita naye kwa wamankhwala, ndinaponya mwala umodzi wakuda m'thumba langa n'kutsika phirilo mbali ina, osati yoloza kwathu.

Ndinayenda mpaka tauni ina ya pamseu waukulu, kumene mphepo inkaomba ngati ili ndi mlandu ndi anthu. Kuseri kwa msika kunali mkulu wina wokhoma zidebe, wogontha khutu limodzi chifukwa cha nyundo yake yomwe. Ankapanga ndowa, mapoto ndi mbaula, koma zimene zinkayenda malonda m'chisanu zinali timbaula ting'onoting'ono ta m'zitini, toika kunsi kwa kama.

"Mukufuna kufunditsa ndani, bambo?" anakuwa, poti ogontha amayesa tonse ndife ogontha.

"Khanda langa. Lili ndi miyezi inayi."

"Tengani nyundo iyo."

Anandiphunzitsa kudula chitini osadzicheka, kuboola mabowo olingana ndi msomali, ndi kupinda chogwirira cha waya. Zogwirira zanga zinkatuluka zokhota nthawi zonse, moti iye ankati mbaula zanga zimayenda chotsimphina. Koma chachikulu sichinali chitini. Makala ayambe apsera panja mpaka atavala phulusa loyera, ndipo pogona munthu asiye mpata pachitseko kapena pazenera.

"Makala ali ndi mpweya wosanunkha," ankatero. "Mbaula musamagulitse yokha. Muzigulitsa pamodzi ndi mawu amenewa."

Ndinagulitsa mbaula zambiri pamodzi ndi mawuwo. Kenako Lolemba lina kunabwera mnyamata ndi mkazi wake, ukwati wawo utachitika dzana lake. Mtsikanayo anali atavala jekete ya mwamunayo, manja ake osaoneka, ndipo ankaseka chilichonse, ngakhale chogwirira changa chokhota. Mawu aja ndinali nawo pakamwa, sindinawaiwale ayi. Koma munthu wamkulu ungauze bwanji anthu ongolowana kumene kuti asatseke chitseko? Ndinachita manyazi. Ndinawapatsa mbaula n'kuwafunira zabwino zonse.

M'mawa mwake anthu anathyola chitseko cha nyumba ya awiriwo dzuwa litakwera. Ine ndinafika nawo, ndipo sindikudziwa chimene chinanditengera kumeneko. Mipata yonse ya pazenera anali ataitseka ndi nsanza. Awiriwo anagona moyang'anana, milomo yawo ili psuu ngati adya mapapaya, bulangeti likadali lofunda. Nkhuku imene inkafungatira mazira pakona nayo inali itagwetsa khosi. Amayi ake a mtsikanayo ankamugwedeza phewa pang'onopang'ono, akuti dzuka, kwacha, anthu akukuona. Ndinagwada n'kusuzumira kunsi kwa kama, ndikupempha kuti mbaulayo ikhale ya wina, koma chogwirira chinali chokhota.

"Mawu aja munawauza?" anandifunsa wokhoma zidebe nditabwerera.

"Ndinawauza."

"Mwati?"

"Ndati ndinawauza!"

Ndinayenera kukuwa kuti amve, moti msika wonse unamva. Masana omwewo ndinaika kambaula kamodzi m'thumba n'kutsata mseu.

Pambuyo pake panali midzi imene sindikuikumbukira bwino. Kwina ankafunditsa mphasa ndi njerwa yokulunga m'nyuzipepala, kwina ndi phale la makala okwiriridwa m'phulusa, ndipo pamudzi wina ankasita bulangeti ndi simbi asanagone. Ponseponse ndinkaphunzira kanthu n'kuika kanthu m'thumba. Loweruka lililonse ndinkadzuka ndikuti lero ndibwerera, ndipo ndikaganiza za pakamwa panga pakutchula dzina la Enelesi pamaso pa a Nangozo, miyendo inkasankha yokha njira ina.

Nyumba ina yaikulu ndinaipeza pakati pa minda ya tiyi, kunsi kwa phiri limene nsonga yake sinkaoneka. Inali ya malata ofiira ndi khonde lozungulira mbali zonse. Pakhomo pa khitchini panaima khukhi wokalamba, atavala yunifolomu yoyera ya mabatani owala, kumapazi kulibe nsapato.

"Mukufuna kufunditsa ndani, akulu?"

"Khanda langa. Lili ndi miyezi inayi."

Anandiyang'ana kumutu n'kundilowetsa. Pakhoma panali chinthu chimene ndinali ndisanachionepo, chiwaya cha mkuwa chokhala ndi chivundikiro chobowolabowola ndi mpini wautali kuposa wa khasu. Munkaikidwa makala ofiira, n'kuchilowetsa pakati pa nsalu za pabedi. M'nyumbamo munali mabedi asanu ndi awiri, ndipo onse ankafunditsidwa dzuwa likamalowa.

"Bwana ndi dona ndi ana amafika mochedwa, amachoka mbandakucha," anatero khukhiyo. "Inu simudzawaona. Ntchito yanu ndi iyi. Kuchokera kumutu, kutsikira kumiyendo, kubwerera. Chisaime. Chikaima chimawotcha."

Ntchito imeneyo ndinaidziwa kuposa zonse. Sindinawotchepo nsalu ngakhale imodzi, ndipo khukhiyo ankati dzanja langa linabadwira chiwayacho. M'mawa tinkapeza mabedi ali ovundukuka, mapilo atalowa pakati, ndipo tinkayala mwatsopano. Ndinkagona m'kanyumba ka kuseri, ndinkadya bwino, ndipo panapita nyengo zambiri za mvula ndisanawerenge masiku a Loweruka.

M'mawa wina ndinalawira kukafuna fosholo ya makala imene ndinaiiwala m'chipinda chachitatu. Ndinapeza khukhi uja atagona pabedi ndi yunifolomu yake. Anagubuduka kumanja, anagubuduka kumanzere, anadzuka, anamenya pilo ndi chibakera pakati, n'kupita m'chipinda chachinayi kukachita chimodzimodzi. Ndinamutsatira chipinda ndi chipinda, kukamwa kuli yasa.

"Eni nyumba anachoka liti?" ndinafunsa atamaliza bedi lomaliza.

"Chaka chimene azungu anatsitsa mbendera yawo."

"Nanga ife tikufunditsira ndani?"

"Akhoza kubwera, akulu. Munthu asapeze bedi lozizira m'nyumba mwake." Anakonza batani lake la pakhosi. "Komatu inu mwandidabwitsa. Zaka zonsezi galimoto simunaimvepo, mbale zakuda simunazitsukepo, koma osafunsa. Munthu woopa kufunsa ngati inu sindinamuonepo."

Chimene chimandiopsa mpaka lero si nkhalambayo. N'chakuti madzulo a tsiku lomwelo ndinatenga chiwaya, ndinaikamo makala, n'kufunditsa mabedi onse asanu ndi awiri, ndipo ndinapitiriza kutero mpaka tsiku limene khukhiyo sanadzuke pabedi lachinayi. Nditamuika m'manda ndinamangirira chiwayacho pathumba langa, mpini ukukokera pansi.

Malo omaliza anali chipatala chaching'ono cha mishoni, pamwamba pa chitunda. Kunali chipinda cha makanda obadwa masiku asanakwane. Ankawagoneka m'mabokosi a sopo, atawazunguliza ndi mabotolo a dothi odzaza madzi otentha. Mzamba wake anali mtsikana wamfupi wa lilime lakuthwa, ndipo iye sanandifunse kanthu. Anangondiloza nkhuni ndi ketulo. Anandiphunzitsa kuyesa botolo patsaya, osati padzanja, poti dzanja la munthu wolima limanama. Anandiphunzitsanso kulikulunga kawiri kuti lisakhudze khungu la mwana, ndi kulisintha lisanazizire. Ine ndinkaima pakhomo n'kumapatsira mabotolo ndi dzanja lotambasula. M'chipindamo sindinalowemo, ndipo khanda sindinaligwirepo.

Tsiku lina kunabadwa mapasa, bokosi lopanda munthu lili limodzi. Mzambayo anatuluka ndi mwana kudzanja lililonse.

"Agogo, tandigwirireni uyu."

Ndinalumphira m'mbuyo, botolo n'kugwa n'kusweka, madzi n'kumwazika pansi ponse.

"Sindingathe, amayi. Ndine wotentha. Ndili ndi khanda langa kwathu, la miyezi inayi, ndipo sindinalitenthetse."

Anayamba kuseka, kenako anaona kuti ine sindikuseka.

"Agogo, kwanuko munachoka liti?"

Ndinafuna kunena kuti posachedwapa. Pafupi ndi phazi langa panali beseni la madzi, ndipo ndinayang'anamo. Munali nkhalamba ya mutu woyera ngati ufa, masaya olowa, khosi la makwinya, ndipo inkandiyang'ana ndi mantha. Ndinakweza dzanja kuti ndione ngati inayo ikweza, ndipo inakweza.

Ulendo wobwerera unali waufupi mochititsa manyazi. Ndinkayesa ndapita kutali, koma ndinangogona panjira kawiri. Zengerezu adalinda kwawukwawu, amatero akuluakulu, ndipo ine ndinayenda ndi mwambi umenewo ukulira pamodzi ndi zitini za m'thumba langa. Mumtima ndinali nditakonzeka kupeza manda aang'ono kapena mwamuna wina pakhonde langa. Zonse ziwirizo ndikanazimvetsa.

Ndinafika m'chilimwe, masana, dothi likuwotcha mapazi. Pabwalo la nyumba yathu, padzuwa penipeni, panakhala mzimayi wa zaka ngati makumi atatu atafunda mabulangeti awiri. Ana atatu anali atamutsamira kumsana, monga muja timatsamirira mtsuko kukatentha. Kumapazi kwake kunali zipanda za thobwa zimene anthu anaziika pamenepo kuti zisasase. Amayi awiri ochokera kudambo anafika ndi mitolo pamutu, ndipo atayandikira anapatuka, n'kumuzungulira patali, akumupatsa moni ndi mawu okha. Njira yawo yozungulirayo inali yoyera, yopondedwa zaka zambiri.

Pakhonde panakhala a Nangozo akusenda nandolo. Anali atachepa thupi, koma maso anali omwe aja.

"Mwabwera, bambo a Sekanawo."

"Ndabwera."

"Mwachipeza?"

Ndinatula thumba n'kuyamba kutulutsa zinthu zanga chimodzichimodzi. Iwo anangoyang'anako kamodzi n'kubwerera ku nandolo wawo.

"Miyala tili nayo kuno. Njerwa tinayesa, makala tinayesa. Chilichonse chikamukhudza chimazizira."

"Uyo ndi Sekanawo?"

"Mukufuna akhale ndani?"

Ndinagwada pansi pa khondelo. Mawu amene ndinawathawa moyo wanga wonse anatuluka mosavuta, ngati kulavula njere. Ndinati a Nangozo, tsiku la msika lija ndinagona kwa Enelesi, ndipo ndinaopa kuti ndikafika pamphasa ndimudula mwana.

"Ndikudziwa," anatero. "Enelesi anabwera yekha kudzandiuza, inu musanachoke n'komwe, poopa kuti imfa ya mwana ingakhale pamutu pake. Ankhoswe ankadziwa. Mankhwala tinali titanyika kale m'phale, kuseri kwa nkhokwe. Chinangotsala n'choti inu mutchule dzinalo ndi pakamwa panu, mumwe, musambe. Inali ntchito ya m'mawa umodzi."

Nandolo ankagwera m'lichero mmodzimmodzi. Ine ndinamva ngati wina wandithira madzi a pachitsime kumsana.

"Bwanji simunandiuze?"

"Mlandu wake ndi wotero, suululidwa ndi wina. Inunso mukudziwa."

"Nanga abale anu? Sakanapeza munthu wina woti amutenthetse mwanayu m'malo mwanga?"

"Anabwera naye. Kawiri. Ndinawauza kuti mwanayu ali ndi bambo ake, angopita kukafuna chotenthetsera." Anasenda wina. "Kapena ndinalakwa. Ndinakwiya, ndipo ndinafuna kuti mudzaone. Pamene mkwiyo unkatha, mwana anali atakula, ndipo panalibenso mwamuna wolimba mtima kulowa m'nyumba muno. Sekanawo nayenso sanakwatiwe. Chiyambire, omugwira ndi ana ndi nkhalamba basi. Amadya ndiwo zake zopanda mchere, m'kapoto kakekake, poti mchere wothiridwa ndi wotentha nawo umadula."

"Ndiye tichite lero," ndinatero. "Ndaulula. Nyikani mankhwala ena. Lero lomwe tiyale mphasa."

A Nangozo anaseka, osati mwachipongwe, koma kuseka kwa munthu amene wamva mwana akulonjeza kuti anyamula nkhokwe.

"Tadziyang'anani, bambo a Sekanawo. Ndiyang'aneninso ine. Moto wake tiutenga kuti? Ife tinazizira kalekale." Anakutumula chitenje chawo. "Koma pali chimodzi chimene mwapindula. Tsopano mukhoza kumugwira. Simungamudulenso."

Ndinadzuka n'kuwoloka bwalo. Sindinatsate njira yozungulira ija, ndinalunjika, ndipo ana aja atandiona anathawa. Sekanawo anakweza nkhope. Anali ndi chipumi changa ndi kampata ka pamano ka amayi anga. Dzuwa lonse lija, milomo yake inali yotuwa, ndipo mpweya wake unkaoneka ngati kautsi.

"Ndinu bambo anga?"

"Ndine."

"Amayi ankati mukadzabwera ndidzamva kufunda. Ana akayesa kundifotokozera, ena amati kuli ngati kukhuta, ena amati kuli ngati tulo."

Anatulutsa dzanja m'bulangeti n'kulitambasula. Ndinaligwira ndi manja onse awiri. Aka kanali koyamba kumugwira chichokere tsiku la msika lija, ndipo kuzizira kwake kunandilowa mpaka m'mano. Ndinalifinya, ndinalitikita, ndinaliuzira mpweya, ndinaliika patsaya langa. Iye anatsinzina n'kudikira mwaulemu, ngati munthu amene wapatsidwa chakudya chachilendo ndipo akufuna kumva kukoma kwake asanayankhe. Tinakhala choncho mpaka mthunzi wa nyumba unafika pamapazi athu.

Kenako anatsegula maso.

"Bambo, kodi kufunda kuja ndi kumeneku?"

Pakamwa panga panali patakonzeka kale kuyankha, monga mwa nthawi zonse. Ndinaluma lilime mpaka ndinamva magazi.

"Ayi, mwana wanga," ndinatero. "Si kumeneku."